Tulo ta Mkamwini

Kumudzi kwa mkazi wanga, mwamuna akagona dzuwa lili kunja ndiye kuti wadwala. Ngati sanadwale ndi waulesi, ndipo ulesi wa mkamwini umamveka msanga kuposa wa mwini mudzi. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatira kumtunda kuno, mbali ya ku Nsambe, n'kumanga pamalo amene apongozi anga aakazi anandilozera. Khomo langa ndi khomo lawo zimayang'anizana. Ntchito yanga ndi yoyendetsa ambulansi ya pachipatala china chaching'ono, ndipo ntchito imeneyi ndinatsala pang'ono kuitaya chifukwa cha makomo awiri amenewo.

Tinali madalaivala awiri. Sabata ino wina masana wina usiku, sabata yamawa tisinthane. Kwa amene anakonza zimenezi zinkaoneka zachilungamo, koma thupi silitembenuka Lolemba m'mawa chifukwa choti abwana anena. Likangoyamba kuzolowera usiku, ankandibwezera masana. Ndiye sabata ya masana ndinkagona chagada pabedi maso ali gwa mpaka atambala, dzuwa likafika pamutu n'kumayasamula ngati mwana. Sabata ya usiku inali ina. Odwala ambiri a nthawi imeneyo ndi amayi oyembekezera amene zawavuta, ofunika kuchipatala chachikulu ku boma, ndipo msewu wake ndi wokwera ndi kutsika, miyala mbali ino phompho mbali inayo. Ndinkafika kunyumba kutacha, mikono ikunjenjemerabe ndi chiwongolero.

Poyamba ndinkagona. Ndinkalowa m'nyumba, kutseka chitseko, kuphimba zenera ndi chitenje. Vuto ndi loti kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimapatuka, iwo amanjuta chapatali. Ndiye akafuna kundiuza kanthu amauza mkazi wanga mokweza, kapena amauza nkhuku zawo. M'mawa wina ndili m'bulangeti ndinamva tsache laima pabwalo.

"Iwe, kodi bambo a m'nyumbamo adwala?"

"Ayi amayi, achokera kuntchito. Akupumula."

"Akupumula? Dzuwa limeneli? Ha. Anzako anakwatiwa ndi anthu, iwe unakwatiwa ndi mleme."

Ine ndine wopsa mtima, sindibisa. Munthu wina aliyense ndikanamutulukira. Koma apongozi suwayankha, ndiye mawu aja ndinawameza n'kukhala nawo pachifuwa, tulo n'kuthawa.

Tsiku lina zinafika poipa. Mbiri inayenda kuti mkamwini wa pakhomo paja sakutuluka m'nyumba, ndipo amayi a kutchalitchi anabwera gulu kudzazonda wodwala. Ndinadzidzimuka ndi odi. Nditatuluka ndi kabudula, maso otupa, ndinawapeza atakhala pamkeka, wina atatsegula kale buku la nyimbo.

"Tamva kuti simukupeza bwino, bambo."

"Wadwala ndani? Munthu asagone m'nyumba mwake? Mulibe zochita kumakomo kwanu?"

Ananyamuka mwakachetechete, wina n'kupinda mkeka wathu bwinobwino n'kuuimika pakhoma. Mkazi wanga analira tsiku lonse. Ine ndinasanduka munthu amene anathamangitsa amayi opemphera, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kugona masana. Ndikafika kuchokera kuntchito ndinkavula yunifomu, kumwa tiyi choimirira, kutenga khasu, n'kudutsa pakhomo pa apongozi kuti andione ndikupita kumunda wa mbatatesi. Madzulo ndinkaba katulo pang'ono pampando, nsapato zili kuphazi, kuti wina akabwera ndioneke ngati ndangokhala.

Ndinkadziona ngati mwamuna. Ndinkauza dalaivala mnzanga uja kuti ine tulo ndimatilamula, sitindilamula. Sindinkaona kuti ndayamba kuiwala makiyi m'thumba lomwe ndawaika, kuti ndikufunsa funso limodzi kawiri, kuti ana anga akaona njinga yanga akuthawira kwa agogo awo. Fomu 4 ndinamaliza, za thupi la munthu ndinaphunzira. Koma munthu wosagona sadziwa kuti wafooka. Amangoona kuti anthu onse ayamba kumusowetsa mtendere.

Ndiye kunagwa maliro. Anamwalira malume ake a mkazi wanga, mchimwene wawo wa apongozi, mwini mbumba. Sabata yomweyo dalaivala mnzanga anali atapita kwawo mwana wake atadwala, ndiye usiku ndi masana zonse zinali zanga. Pamaliro otere mkamwini sasowa. Nkhuni ndi iye, mipando ndi iye, kuchezera pasiwa ndi iye, ndipo kumanda adzukulu akamakumba, anthu amayang'ana kuti akamwini a pabanjapo agwira fosholo kapena ayi. Usiku woyamba ndinachezera pamaliro. Wachiwiri foni inandichotsa pamoto, ndinapita ku boma ndi wodwala n'kubwerako, n'kupitanso ndi wina. Kutacha ndinaimika ambulansi, kukwera njinga, molunjika kumanda. Ndinalowa m'dzenje ndi piki. Dothi la kumeneko ndi lofiira, lolimba, ndipo ndinakumba mwaukali kuti aliyense aone. Mmodzi wa adzukulu anati, "Adalaivala lero atentha, apatseni mpata asatimalizire ntchito." Mtima wanga unakoma.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu tinabwerera kumudzi. Mwambo usanayambe foni inalira. Anali namwino wa pachipatala pathu, mtsikana wa ku Kasungu amene anatumizidwa kuno chaka chomwecho. Mayi wina wachitsikana anali atabereka m'mawa, koma magazi sakuleka. Afunika ku boma msanga.

Mkazi wanga anatuluka pakati pa amayi anzake n'kunditsatira kunjinga. Analankhula chapansipansi.

"Bambo, musapite. Auzeni kuti simunagone. Aitanitse galimoto ina ku boma."

"Ifike liti? Munthu akutha magazi."

"Ndiye mukawauze zoona, adziwe. Mukuyenda ngati mwamwa."

Mawu akuti kumwa anandilasa. Ndinakweza mawu pamaliro, anthu onse akumva. Ndinamuuza kuti asandiphunzitse ntchito, kuti pakhomo pawo pano ndikagona ndine mleme, ndikadzuka ndine woledzera, asankhe chimodzi. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo anatembenuka. Iye anakoka chitenje kumutu n'kubwerera. Ndinapalasa njinga nditakwiya, ndipo mkwiyo umenewo unandinamiza kuti ndili maso.

Kuchipatala ndinapeza atakonzeka. Wodwala anamugoneka kumbuyo ndi diripi, namwino pambali pake, ndi mayi wina wachikulire atafukata khanda. Malo atatha, mkulu wake wa wodwalayo anakhala kutsogolo ndi ine. Anali mayi wa msinkhu wanga, wojintcha, wogulitsa mbatatesi pamsika. Namwino asanatseke chitseko anandiyang'ana.

"Adalaivala, maso anuwo. Mwagona liti?"

"Inu yang'anani wodwala wanu, msewu ndi wanga. Ndinayamba kuyendetsa galimoto inu mukuimba a e i o u."

Anatseka chitseko.

Chigawo choyamba ndinayenda bwino. Kenako kutentha kwa masana kunadzaza m'galimoto, injini ikulira mawu amodzimodzi, ndipo mkwiyo uja unayamba kuzizira. Ndinatsitsa galasi. Ndinaluma lilime. Ndinadzitsina pantchafu. Zonsezi ndinkazichita kale, zinkathandiza kwa kanthawi. Ndikukumbuka kuwoloka kamlatho ka matabwa, ndikukumbuka kuona mtengo wa manachesi kumanja n'kuganiza kuti chaka chino abereka. Chotsatira chimene ndikukumbuka ndi kukuwa kwa mayi wa mbatatesi uja ndi chiwongolero chikundimenya pachifuwa.

Galimoto inali itapendekeka, matayala a kumanzere ali m'ngalande, mphuno itagunda khoma la dothi. Pamalo amenewo msewu umakhota. Kumanzere kuli chitunda, kumanja kuli phompho. Ndinapita kumanzere osati chifukwa cha luso. Sindinaponde buleki, sindinakhotetse. Panalibe munthu pachiwongolero.

Kumbuyo khanda linkalira. Namwino anali atagunda chipumi pachitsulo, ndipo singano ya diripi inali itazuka pamkono wa wodwala. Ndinamuona kudzera pakawindo akufunafuna mtsempha pamkono woyera ngati phulusa, akuitana wodwalayo kuti asatseke maso.

Ine ndinatsika, n'kuyamba kukalipa.

"Mbuzi! Anthu a kuno ndi mbuzi zawo! Mbuzi yadumphira mumsewu!"

Amuna ena amene ankaumba njerwa chapafupi anathamanga. Anayang'ana uku ndi uku kufuna mbuzi. Mayi wa mbatatesi anatsika atagwira bondo.

"Mbuzi yake iti? Ine ndimayang'ana kutsogolo, mbuzi sindinaione. Ndimakufunsani kuti tatsala pati, inu maso ali tong'o ngati nsomba ya pamsika, osayankha. Ndaona galimoto ikupita yokha. Mbuzi yake iti, bambo inu?"

Ndinagwada n'kuyamba kulowetsa miyala pansi pa tayala kuti ndisaone nkhope za anthu. Oumba njerwa aja anakankha, galimoto inabwerera, anakankhanso. Matope a njerwa anasiya zikhatho zawo pa ambulansi yonse. Nthawi imene tinataya pamenepo sindinaiwerenge. Ndikudziwa kuti titatuluka m'ngalande, wodwala anali atasiya kuyankha bwino.

Panalibe wina wodziwa kuyendetsa. Kudikira galimoto ina kukanamupha mtsikanayo. Namwino anaika nkhope pakawindo, chipumi chitatupa, ndipo sanalankhule ndi ine. Analankhula ndi mayi uja.

"Mayi, senderani pafupi nawo. Muziwafunsa mafunso mpaka tikafike. Akachedwa kuyankha, amenyeni."

"Ndiwamenye?"

"Amenyeni ndithu."

Ndinaliza injini. Mwamuna wamkulu, wa imvi m'ndevu, ndinayendetsa galimoto ndikuyankha mafunso ngati mwana wa sitandade wani.

"Kwanu n'kuti?"

"Ku Ntcheu."

"Kuno mukufuna chiyani?"

"Ndinakwatira kuno."

"Ndinu mkamwini eti? Dothi lili m'thalauzili ndi lakumunda?"

"Lakumanda."

Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mwachoka kokumba manda n'kubwera kudzanyamula mng'ono wanga? Mumafuna mukumbe awiri tsiku limodzi?"

"Mayi, ndisiyeni ndiyendetse."

"Ndikusiyeni kuti mugonenso? Ana muli nawo? Atchuleni. Yambani wamkulu."

Ndinawatchula.

"Tsopano yambani wamng'ono."

Ndinayamba, koma pakati ndinasokoneza, dzina la mwana wanga wamkazi linandithawa. Khofi linagwa paphewa, lolemera, la munthu wozolowera kunyamula matumba. Dzina lija linabwera. Sindinakwiye. Ndicho chinthu chimene chimandidabwitsa mpaka lero, kuti ine amene ndinakalipira mkazi wanga pamaliro chifukwa cha mawu aulemu, ndinalandira khofi la mlendo n'kunena kuti zikomo. Anandifunsa mbewu imene ndinadzala, anandiuza kuti ndinasankha yoipa, anandifunsa ngati mkazi wanga ndi wokongola ndi chimene anaona mwa ine. Pakati pa mafunso ankatembenukira kumbuyo n'kuitana mng'ono wake, mawu akusweka, kenako n'kubwerera kwa ine ndi ukali womwewo. Anandimenya kachiwiri tikulowa m'boma, ngakhale ndinali nditayankha. Limenelo ndikuganiza linali lake chabe.

Wodwala anamuthamangitsira mkati. Ine ndinakhala m'galimoto, manja ali pachiwongolero, osatha kuwachotsa. Patapita nthawi namwino anabwera pazenera.

"Amuika magazi. Akuti mwina apulumuka." Anapuma. "Akulu oyang'anira magalimoto aona nyali yosweka, akukufunani. Ine ndinali kumbuyo, sindinaone. Koma zimene mayi aja ananena ndinamva, ndipo akandifunsa ndinena."

Ndikuyenda kupita ku ofesi, mbuzi ija ndinali nayobe. Ndinali nditaipatsa mtundu, yakuda ya banga loyera, ndi mbali imene inachokera. Ndinkadziwa kuti dalaivala wogunda ngalande chifukwa cha mbuzi amadzudzulidwa n'kubwerera pagalimoto, koma dalaivala wogona ndi wodwala kumbuyo akhoza kupita kwawo. Ndipo ine kwathu kumene ndikanapita ndi kukhomo loyang'anizana ndi apongozi, wopanda ntchito. Pakhonde ndinadutsa mayi wa mbatatesi atakhala pansi, khanda lili pamiyendo, bondo litatupa. Anangondiperekeza ndi maso mpaka pachitseko.

Mkuluyo anali bambo wofatsa wa ku Blantyre. Anandilozera mpando.

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndinagona, bwana."

"Munasinza?"

"Ndinagona. Maso anali otsegula koma ndinagona."

Anandifunsa za masiku apitawo, ndinamuuza za maliro ndi maulendo a usiku. Anagwedeza mutu, anati za mnzanga wosowa uja anayenera kuzidziwa msanga. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa kuposa la ngozi.

"Nanga masiku wamba, mukachoka ku ntchito ya usiku, mumagona nthawi yaitali bwanji?"

"Sindigona."

"Chifukwa?"

Ndinayang'ana dothi lofiira pansapato zanga. Ndikanati bwanji? Kuti ine, bambo wa ana, ndimanyamula khasu m'mawa kuti mayi wokalamba asauze nkhuku zake kuti ndine waulesi? Kuti miyezi yonseyi ndakhala ndikunyamula amayi ndi makanda m'mapiri muno ndili wosagona, pofuna kuoneka bwino pabwalo? Kunena kuti ndinagona pachiwongolero kunali kopepuka. Ichi chinandikanika. Ndinati kumunda kumachuluka ntchito. Anandiyang'ana ngati akudziwa kuti sindinamalize, koma sanakakamize.

Sanandichotse ntchito. Anandilanda makiyi. Anatumiza dalaivala wina kuchipatala kwathu, ine n'kukhala wotsuka galimoto, woyang'ana mafuta ndi matayala, wonyamula makatoni. M'mawa uliwonse ndinkapukuta galasi la galimoto imene ndinkayendetsa, wina n'kulowamo n'kusuntha mpando kuti umukwane.

Tsiku la ngozilo, kumudzi ndinapeza maliro ataikidwa kale. Ndinaganiza kuti nkhani ikafika, anthu aona chimene kusagona kumachita. Nkhani inafikadi, munthu wa pamsika sasunga nkhani. Mawa lake ndinamva apongozi akumwaza gaga pabwalo.

"Mwamva inu nkhuku? Ndinkanena ine kuti munthuyu ndi watulo. Kunyumba tulo, kuntchito tulo. Mpaka mumsewu."

Ndinali nditagwira kapu. Ndinaiika pansi pang'onopang'ono kuti ndisaiponye. Mkazi wanga anatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinamumva akuyankha amayi ake.

"Amayi, manda a malume anakumba ndani?"

Maganizo awo sanasinthe, ndipo sindikuyembekezera kuti adzasintha. Kwa iwo usiku ndi wogona, masana ndi olima. Anabadwira m'menemo ndipo zawasunga mpaka ukalamba.

Mkazi wanga sindinamupepese bwino. Ndinangoti tsiku lija ndinalankhula zopusa. Iye anati, "Munalankhula pagulu, mukupepesa kuchipinda." Zinali zoona. Lamlungu lotsatira ndinamunyamulira mpando mpaka kutchalitchi anthu akuona, ndipo sindikudziwa ngati zinakwanira.

Mvula itayamba anandiitana ku boma. Mtsikana uja anali atachira, ndinamva kuti akuyenda ndi mwana wake kusikelo. Mkulu uja anaika makiyi patebulo koma sanachotsepo dzanja. Anati ndibwerera pagalimoto ngati ndivomera chinthu chimodzi: ndikachoka ku ntchito ya usiku ndizigona, ndipo pakhale munthu woona kuti ndagonadi. Akamva kuti ndapita kumunda, makiyi abwerera. Ndinafunsa kuti woonayo ndani. Anati namwino uja wapeza kale malo.

Kuseri kwa chipatala chathu kuli kachipinda kosungiramo mabedi othyoka ndi makatoni. Muli matiresi pansi, zenera lake analimata ndi katoni. Ndikabwera kuchokera ku boma m'mawa, ndimapereka makiyi, kulowa m'menemo, n'kugona mpaka dzuwa litapendeka. Masiku oyamba ndinkagona ngati wakomoka. Patapita masabata ndinazindikira kuti msewu uli ndi zinthu zimene ndinali nditasiya kuziona, ndipo mwana wanga wamng'ono anayambanso kundithamangira. Foni ikalira ndisanagone mokwanira, ndimanena, amaitana mnzanga. Mawu akuti sindinagone ndimawatulutsa movutikira ngati ndikuvomera kuba, koma ndimawatulutsa.

Kumudzi sadziwa za kachipindako. Wina akafunsa, mkazi wanga amati ndidakali kuntchito. Munda wa mbatatesi amalima ndi iye sabata ya usiku, ndipo anthu amati mwamuna wake boma likumugwiritsa ntchito ngati ng'ombe, ena mpaka amandimvera chisoni. Ndimalandira chisoni chimenecho osakonza. Ndili ndi nyumba yanjerwa imene ndinamanga ndi manja anga, muli bedi labwino, koma ndimagona pansi pakati pa makatoni ngati munthu wobisala. Ndikadzuka ndimapita pampope, kusamba kumaso ndi madzi ozizira, n'kudikira pang'ono kuti mizere ya matiresi ichoke patsaya. Kenako ndimakwera njinga.